Mfuti Zakale Zachikokero: Mbiri, Kagwiridwe Ntchito ndi Kasamalidwe Kake

Mukafunsa munthu wamkulu wa ku Chifunde, ku Mualadzi kapena kumalire a Cassacatiza kuti atchule mfuti zomwe amazidziwa, kawirikawiri atchula ziwiri. Yoyamba ndi gogodera, mfuti ya makolo imene wonga wake amathirira kukamwa n'kutsindira ndi ndodo. Yachiwiri ndi AK-47, yomwe inadza ndi nkhondo. Koma pakati pa ziwirizi pali mbadwo wina wa mfuti umene ambiri auiwala. Izi ndi mfuti zokhala ndi chitsulo chopindika kunsi, chimene woombayo amachikankhira pansi n'kuchibwezanso kuti alowetse chipolopolo. Chitsulochi tichitcha chikokero.

Mfuti zoterezi n'zakale, zina zaposa zaka 100. Banja likhoza kuipeza itakulungidwa m'chiguduli pamwamba pa denga agogo atamwalira, n'kumaiyesa chitsulo chakufa. Apa ndiye pagona ngozi. Mfuti siileka kukhala mfuti chifukwa cha ukalamba. M'nkhani ino tiona kumene mfutizi zinachokera, mmene zimagwirira ntchito, chimene chimaziwononga, ndiponso zimene munthu ayenera kudziwa asanaikhudze.

Dziko la minyanga ndi wonga

Dera lomwe lero ndi boma la Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, linali mbali ya ufumu wa Undi. Likulu la Undi linali ku Mano, chakumtsinje wa Kapoche, mafumuwa asanasamukire ku Katete m'dziko la Zambia. Dzikoli linali ndi njovu zambiri komanso golide, ndipo zinthu ziwirizi n'zimene zinkakoka amalonda ochokera ku Tete.

M'zaka za m'ma 1800 malonda a minyanga anakula kwambiri. Achikunda, omwe poyamba anali asilikali a eni minda ikuluikulu ya m'mbali mwa Zambezi, anatchuka pa ulenje wa njovu. Gulu lililonse linali ndi mtsogoleri wake wodziwa mankhwala, miyambo ndi mayendedwe a nyama. Chakum'mawa kunali ufumu wa Makanga, wa banja la a Pereira, umene unalimba chifukwa cha mfuti mpaka pamene Apwitikizi anagonjetsa mfumu yake, Chinsinga, mu 1902. Kumpoto kunali Angoni a Mpezeni. M'nthawi imeneyo mfuti, wonga ndi nsalu zinkagula minyanga, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti zinkagulanso anthu.

Mfuti zambiri za nthawiyo zinali zothirira kukamwa. Koma cha m'ma 1880 ndi 1890 alenje ndi amalonda achizungu, monga Carl Wiese wa ku Germany yemwe anakhala kwa Mpezeni, ndi Édouard Foà wa ku France yemwe anasaka nyama m'madera a Chiuta, Makanga ndi kwa Undi, ankayenda ndi mfuti zamtundu watsopano, zolowetsera chipolopolo kumbuyo. Anthu akuno anaona ndi maso awo kusiyana kwake.

Kuchoka pa gogodera kufika pa chipolopolo chamkuwa

Kuti timvetse kusiyanako, tiyambe ndi gogodera. Woomba amaimika mfuti, kuthira wonga, kutsindira kansanza kapena luzi, kuika mtovu, kutsindiranso, kenaka n'kuika kachoyatsira panja. Ntchito yonseyi imatenga nthawi, ndipo njati yolasidwa siidikira. Mvula ikagwa wonga umanyowa, mfuti n'kukana.

Chimene chinasintha zonse si mfuti ayi, koma chipolopolo. Amisiri anapeza njira yoika zinthu zinayi pamodzi: chigoba chamkuwa, wonga m'kati mwake, mutu wa mtovu kutsogolo, ndi kachoyatsira kumbuyo. Kanyundo ka mfuti kakamenya kachoyatsirako, moto umayatsa wonga, mpweya wotentha umakankha mutu wa mtovu kudutsa mumpope, ndipo chigoba chimatsala. Mkuwa umafutukuka pang'ono n'kutseka mipata yonse kuti moto usabwerere kunkhope ya woombayo.

M'kati mwa mpope anajambulamo timizere topotana. Timizereti timazunguza mutu wa chipolopolo kuti uziyenda molunjika osapidiguka. N'chifukwa chake mfuti yotere imalasa patali kuposa gogodera, yemwe mpope wake ndi wosalala.

Funso linatsala linali lakuti: chigoba chopsa chichoke bwanji msanga, ndipo chatsopano chilowe bwanji? Chikokero chinali limodzi mwa mayankho oyambirira.

Mmene chikokero chimagwirira ntchito

Taganizirani mkono wa mjigo: mukautsitsa n'kuukweza, madzi amatuluka, ndipo mukabwereza amatulukanso. Chikokero chimachita chimodzimodzi ndi zipolopolo.

Kunsi kwa mpope woombera kuli mpope wina wachiwiri, womwe ndi nkhokwe ya zipolopolo. M'menemo zipolopolo zimandandalikana, mutu wa china kuloza kumbuyo kwa chinzake, ndipo sipuling'i imazikankhira kumbuyo. Woomba akatsitsa chikokero, zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi: chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope chimabwerera n'kusolola chigoba chopsa, kanyundo kamatcheredwa, ndipo chipolopolo chatsopano chimatuluka m'nkhokwe n'kukwezedwa. Akabweza chikokero, chipolopolocho chimakankhidwira m'kachipinda kake kumbuyo kwa mpope, chotseka chija n'kukhoma. Mfuti yakonzeka.

Mfuti yoyamba yotchuka yamtunduwu inali ya Benjamin Tyler Henry, ya mu 1860, ku America. Nkhokwe yake inkasunga zipolopolo 15. Kampani ya Winchester inaikonzanso mu 1866 poika kachitseko kolowetsera zipolopolo m'mbali, ndipo mu 1873 inatulutsa mtundu wina umene inapanga mfuti zoposa 700,000. Pambuyo pake mmisiri wina, John Browning, anapanga mitundu yolimba kwambiri ya 1886, 1892 ndi 1894. Ya 1894 inapangidwa yoposa mamiliyoni 7. Mfuti za Winchester zinafika mu Africa msanga: Henry Morton Stanley anali nazo pa maulendo ake a m'ma 1870, ndipo Theodore Roosevelt anatenga ya mtundu wa 1895 paulendo wake wokasaka kum'mawa kwa Africa mu 1909.

Palinso ina yachikokero imene inafala kwambiri kum'mwera kwa Africa kuposa Winchester. Iyi ndi Martini-Henry, yomwe asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1871 ndipo anamenyera nkhondo ya Azulu mu 1879. Iyoyi ilibe nkhokwe. Mukatsitsa chikokero, chitsulo chotseka chimagwera pansi, chigoba n'kutuluka, ndipo inu mumalowetsa chipolopolo china ndi dzanja. Chipolopolo chake n'chachikulu, mutu wokha umalemera pafupifupi magalamu 31, ndipo mfutiyo imamenya phewa mwamphamvu. Asilikali atasiya kuigwiritsa ntchito, zambiri zinagulitsidwa kwa alenje ndi amalonda.

Chifukwa chake zinali zosowa kumudzi

Mwina mungadabwe kuti ngati mfutizi zinali zabwino chotere, bwanji gogodera ndiye anatsala m'midzi? Zifukwa zake ndi ziwiri.

Choyamba ndi lamulo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anasainirana pangano ku Brussels, limene mwa zina linaletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo dera lathu lino. Zimene zinaloledwa zinali mfuti zachikale zampope wosalala ndi wonga wamba. Iwo ankati akufuna kuthetsa malonda a akapolo, koma zotsatira zake zinali zakuti mfuti zabwino zinakhala m'manja mwa atsamunda. Mu Januwale 1898 Angoni a Mpezeni anakumana ndi asilikali a Britain okhala ndi mfuti zamakono ndi mizinga, ndipo anagonja m'masiku owerengeka.

Chachiwiri ndi zipolopolo. Gogodera akathyoka, wosula zitsulo wa m'mudzi amatha kumukonza, ndipo sasankha chodyera. Mfuti yachikokero imafuna chipolopolo cha muyeso wake weniweni, chopangidwa kufakitale kutsidya la nyanja. Zipolopolo zikatha, mfutiyo imangokhala. Umu ndi mmene zambiri zinathera padenga.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri

Wonga wakale, umene timautcha wonga wakuda, ukapsa umatulutsa utsi wambiri ndipo umasiya litsiro lochuluka mumpope. Litsiroli limayamwa chinyontho cha mumpweya. Wonga wopanda utsi unatulukiridwa ku France mu 1884, koma vuto silinathere pomwepo, chifukwa tizoyatsira ta zipolopolo zakale tinali ndi mankhwala amene akapsa amasiya mchere. Mchere umakoka madzi, ndipo madzi ndi mchere zikakumana pachitsulo, dzimbiri limayamba usiku womwewo.

Nyengo yathu imathandiza dzimbiri. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mpweya umakhala wonyowa. Mfuti yoombedwa madzulo n'kusiyidwa osatsuka imacha ili ndi madontho ofiira m'kati. Pakapita miyezi, madonthowo amasanduka timaenje, timizere topotana tija n'kudyeka, ndipo mfuti imayamba kuphonya. Timaenje tikakhala m'kachipinda ka chipolopolo, chigoba chimakanirira. Tikazama kwambiri, mpope umafooka ndipo ukhoza kuphulika.

Mbali yamtengo nayo ili ndi adani ake: chiswe, anankafumbwe, ndi kusweka chifukwa chonyowa dzinja n'kuuma chilimwe. Mng'alu woopsa ndi wa pakhosi, pamene dzanja limagwira, chifukwa m'pamene mphamvu yonse ya kuomba imadutsa.

Kutsuka ndi kusunga

Ntchito iliyonse pa mfuti imayamba ndi kutsimikiza kuti mulibe chipolopolo. Pa mfuti yachikokero izi zimafuna kudekha, chifukwa nkhokwe yake siioneka m'kati. Lozetsani mfuti kumene kulibe munthu, chala chikhale kutali ndi chokhethemulira, ndipo tsitsani ndi kubweza chikokero mpaka zipolopolo zitasiya kutuluka. Musakhutire pomwepo. Sipuling'i yakale imafooka, ndipo chipolopolo chimatha kumatirira m'nkhokwe chifukwa cha dzimbiri n'kudzatsika tsiku lina. Yang'anani ndi maso m'kachipinda ndi pakamwa pa nkhokwe, kenaka gwiranipo ndi chala.

Ngati mwaombera wonga wakuda kapena zipolopolo zakale, mafuta okha sakwanira, chifukwa mafuta sasungunula mchere. Chofunika ndi madzi otentha okhala ndi sopo pang'ono. Tembenuzani mfuti chagada kuti madzi asatsikire m'zitsulo zam'kati, pititsani tinsalu tonyowa mumpope mpaka titamatuluka toyera, umitsani ndi tinsalu touma, ndipo pomaliza pakani mafuta a mfuti pang'ono chabe. Chitani zimenezi tsiku lomwelo, ndipo mawa lake muonenso.

Mfuti zambiri za Winchester sizilola ndodo yotsukira kulowera kumbuyo, choncho anthu amatsukira kukamwa. Apa pamafunika kusamala. Milomo ya mpope ndiyo imakhudza chipolopolo komaliza, ndipo ikadyeka mbali imodzi mfuti imataya. Ndodo yachitsulo yokhula m'mbali, kapena waya wa mpanda, zawononga mfuti zambiri kuposa kuomba kumene. Chabwino ndi chingwe cholimba chokhala ndi kansalu, chokokedwa kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kapena ndodo yamkuwa.

Pali zizolowezi zina zimene anthu amaziyesa chisamaliro pamene zikuwononga. Mafuta ophikira amachita nthenya n'kumata zitsulo zam'kati. Kukwecha ndi mchenga, phulusa kapena pepala lokhakhala kumachotsa khungu lakuda loteteza chitsulo, n'kufafanizanso zilembo zosonyeza muyeso wa mfuti ndi nambala yake. Kuthira mafuta ambiri n'kuimika mfuti kukamwa kuloza m'mwamba kumachititsa mafutawo kutsikira mumtengo n'kuufewetsa. Dzimbiri lapamwamba lichotsedwe ndi nsalu yolimba yamafuta, mofatsa. Zomangira zakale musazikakamize ndi mpeni. Zikakana, m'patseni mmisiri.

Posunga, pewani thumba lachikopa, chiguduli kapena pulasitiki, chifukwa zimasunga chinyontho. Musatseke kukamwa ndi chisanza. Koma dziwani kuti tizilombo tomanga zisa zadothi timakonda mpope wa mfuti, choncho uziunikidwa kawirikawiri. Malo abwino ndi bokosi louma lokhoma ndi loko, lotalikirana ndi pansi ndiponso khoma. Zipolopolo zikhale kwina, nazonso zokhomeredwa, kumene ana sangafike.

Musanaombe

Safunsa anadya phula. Mfuti imene yakhala zaka zambiri osalira isaombedwe mmisiri wodziwa mfuti asanaione. Iye amayang'ana ngati mpope watupa penapake, ngati chotseka chikukhoma bwino popanda kugwedera, ndiponso ngati kanyundo sikakugwa kokha mfuti ikagunda pansi. Zitsulo zikadyeka, pamakhala kampata pakati pa chotseka ndi chipolopolo, ndipo kampatako kakakula chigoba chimang'ambika, moto n'kutulukira kumaso.

Muyeso wa chipolopolo kawirikawiri umalembedwa pampope, monga .44-40, .30-30 kapena .577/450. Chipolopolo cholowa m'kachipinda sindiye kuti n'choyenera. Komanso mfuti zopangidwa m'nthawi ya wonga wakuda zili ndi chitsulo chofewa poyerekeza ndi cha masiku ano, ndipo wonga wamakono wamphamvu ukhoza kuziswa. Wonga wochotsedwa m'zipolopolo za nkhondo ndi woopsa koposa, kaya mu mfuti yachikokero kaya mu gogodera. Anthu ataya zala ndi maso chifukwa cha zimenezi.

Lamulo lina ndi la mfuti zankhokwe yampope zokha. Popeza mutu wa chipolopolo chilichonse umatsamira pa kachoyatsira ka chinzake chakutsogolo, chipolopolo chosongoka chikhoza kuyatsa chinzakecho mfuti ikagwedezeka poomba, nkhokwe yonse n'kuphulikira m'dzanja. N'chifukwa chake zipolopolo za mfutizi zimakhala ndi mutu wafulati kapena wobulungira.

Poomba, chikokero chitsitsidwe mpaka pamapeto ndi kubwezedwa mpaka chitakhoma. Kuchikoka mwamantha n'kulekeza panjira ndiko kumakaniritsa zipolopolo. Mfuti ikakana kulira, musathamangire kutsegula: ikhalebe yoloza kutsogolo kwa mphindi imodzi, chifukwa chipolopolo chakale chimatha kuchedwa kupsa. Ikalira mofooka, lekani pomwepo n'kuunika mpope, popeza mutu wa chipolopolo ukhoza kukhala utaima panjira. Kuomba china pambuyo pake ndiko kuphulitsa mfuti.

Mfuti zakale zambiri zilibe loko wachitetezo. Zimangodalira kanyundo koimitsidwa pakatikati, ndipo mano ogwira kanyundoko amadyeka ndi zaka. Njira yodalirika ndiyo kuyenda ndi kachipinda kopanda chipolopolo.

Tizindikirenso malire a mphamvu zake. Chipolopolo cha .44-40 n'chapafupi, ndipo cha .30-30 chimadalirika mpaka pa mamita 150 kapena kuposerapo pang'ono. Izi si mfuti za njovu kapena njati. Nyama yaikulu yolasidwa osafa imasanduka yolusa, ndipo amene amavutika nayo ndi mayi wopita kumtsinje kapena mwana woweta mbuzi. Ndipo mtovu ukaphonya umapitirira ulendo wautali. Woomba adziwe chimene akuloza ndi chimene chili kuseri kwake. Kuomba usiku pongomva mtswatswa m'munda kwapha anthu olondera chimanga chawo. Mowa ndi mfuti siziyenderana, ndipo makutu ndi maso zitetezedwe nthawi zonse.

Lamulo ndi cholowa

Anthu a ku Chifunde safunika kuuzidwa chimene mfuti imachita. Nkhondo yomenyera ufulu inayaka m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968, ndipo nkhondo yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inathawitsira mabanja ambiri ku Zambia ndi ku Malawi. Mtendere utabwera, bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Zidutswa za mfuti zina amisiri anapanga nazo zosema, ndipo chimodzi mwa izo, mtengo wopangidwa ndi mfuti zodulidwa, chinaonetsedwa ku British Museum mu 2005.

Lero ku Mozambique kusunga kapena kunyamula mfuti kumafuna chiphaso chochokera kupolisi, malinga ndi lamulo la zida ndi zipolopolo la mu 2007. Ukalamba wa mfuti suchotsa udindo wokaonekera nayo kwa akuluakulu a boma, ndipo chiphaso cha agogo sichisanduka cha mdzukulu. Kusaka nako kumafuna chilolezo chakechake. Lamulo loteteza zachilengedwe la mu 2014, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 16 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa monga njovu. M'chigawo cha Tete mulinso ndondomeko ya Tchuma Tchato, imene inayambira ku Bawa m'boma la Mágoè m'ma 1990, yoti anthu akumudzi azipindula ndi nyama zakutchire popanda kuzitha. Nyama zikamawononga minda, kodandaula ndi kwa amfumu ndi kwa alangizi a zanyama, osati kukatsitsa mfuti yapadenga.

Mfuti yakale ili ndi phindu lina losafuna wonga. Zilembo zake zimanena kumene inapangidwa, ndipo nambala yake imathandiza akatswiri kudziwa chaka chake. Akuluakulu a m'banja akadali moyo, afunseni kuti inabwera ndi yani, inadzera njira iti, ndipo inagulidwa ndi chiyani. Lembani zimenezo, chifukwa ndi mbiri ya dera lathu imene mabuku sanailembe yonse.

Choncho mukapeza mfuti yotere m'nyumba mwanu, muitenge ngati yodzaza. Musaiyese kuomba, musaikweche, ndipo ana asaisewere. Dziwitsani amfumu ndi apolisi, kuti ilembetsedwe mwalamulo kapena iperekedwe. Mukaloledwa kuisunga, itsukeni, iumitseni, ikhomereni, ndipo aliyense wa m'nyumbamo adziwe malamulo ake.